Kuseri kwa Zóbuè: Dziko ndi Anthu a Chigawo cha Tete

(Kanyimbo kotsegulira pulogalamu, kenaka katsike pang'onopang'ono)

WOULUTSA: Lero pulogalamu yaoloka malire, ndipo nkhani yake ndi ya chigawo cha Tete m'dziko la Mozambique.

Basi ya ku Joni ikanyamuka m'mawa ku Blantyre, imafika pa chipata cha Mwanza dzuwa lisanafike paliwombo. Anthu akadinditsa ziphaso pa Zóbuè, msewu umayamba kutsetsereka. Mitengo ya masuku ndi mombo imatsalira kumbuyo, kutsogolo n'kumaoneka malambe, minga ndi mbuzi. Mphepo yolowera pawindo, imene ku Mwanza inali yokoma, imasanduka ngati mpweya wa m'ng'anjo ya njerwa. Pakapita maola angapo basi yaoloka Zambezi, yadutsa Changara, ndipo yaima pa Cuchamano kudikira kulowa mu Zimbabwe pa Nyamapanda. Mtunda wonsewo ndi makilomita pafupifupi 260. Apaulendo ambiri akafunsidwa za Tete amatchula zinthu zitatu: kutentha, mlatho ndi apolisi a pamsewu.

Komatu msewu umenewu umangodula mbali imodzi ya chigawo chachikulu zedi. Tete ndi wokula masikweya kilomita pafupifupi 100,000, kutanthauza kuti atayerekezedwa ndi mtunda wa Malawi, nyanja osaiwerengera, Tete ndiye angapose pang'ono. Kalembera wa mu 2017 anapeza kuti m'chigawochi muli anthu oposa 2.6 miliyoni, okhala m'maboma 15. Pa mapu chigawochi chinakhomeka ngati nkhwangwa pakati pa mayiko atatu: Malawi kum'mawa, Zambia kumpoto ndi kuzambwe, Zimbabwe kumwera. Mtsinje wa Zambezi unachidula pakati kuchokera ku Zumbo mpaka ku Mutarara, ndipo amene wamvetsa mtsinjewu ndi mapiri ouzinga wamvetsanso chifukwa chake anthu a ku Tete amalima zosiyana, amakwatira mosiyana ndipo amayankhula mosiyana.

Nkhani iyambire kumtunda. Maboma a Angónia ndi Tsangano ali pa chitunda chomwecho pamene pali Dedza ndi Ntcheu. Tauni ya Ulongué, imene anthu a m'malire amangoti ku Vila, ili pamtunda wa mamita oposa 1,200 kuchokera pamene pamalekezera nyanja yamchere, ndipo phiri la Domwe limapitirira mamita 2,000. Mu June ndi July kumagwa chisanu choti munthu sagona wopanda bulangete. Mvula imagwa yokwanira, nthaka ndi yakatondo, ndipo chimanga, nyemba, soya, fodya ndi mbatata ya kachewere zimachita bwino. Ku Tsangano amalimanso tirigu. N'chifukwa chake a ku Mozambique amaiona Angónia ngati nkhokwe ya chigawo chonse, ndipo n'chifukwa chakenso bomali lili ndi anthu ochuluka, oposa 450,000, kuposa mzinda wa Tete weniweniwo.

Woyenda pa msewu wa M1 pakati pa Dedza ndi Ntcheu amakhala akuyenda pa malire enieni. Pa Lizulu, mayi wogulitsa kabichi tsidya lino la msewu ali m'Malawi, mnzake wogulitsa kachewere tsidya linalo ali mu Mozambique, ndipo akuyankhulana Chichewa chimodzimodzi, mwinanso ndi pachibale. Malirewa anachokera m'pangano la 1891 la pakati pa Britain ndi Portugal. Olemba panganolo anatsata msana wa mtunda, pamene madzi amagawikana, ena kutsikira ku nyanja ya Malawi, ena ku Zambezi. Anafunsa madzi, koma anthu sanawafunse. Midzi inagawika, manda a makolo anatsalira tsidya lina, mfumu kuno mbumba yake uko.

Amene anagawika moonekeratu ndi Angoni a kwa Maseko. Dzina lakuti Angónia likutanthauza dziko la Angoni. Anthuwa atachoka kumwera kwa Africa, anayenda ulendo wautali mpaka ku Songea m'dziko limene lero ndi Tanzania, kenaka anabwerera motsogozedwa ndi Chidyaonga n'kudzakhazikika m'munsi mwa Domwe cha m'ma 1870. Pambuyo pake Chikuse analamulira ali komweko. Mwana wake, Gomani woyamba, anaphedwa ndi Angelezi mu 1896. Malire atakhazikika, ufumu wa Inkosi Gomani unatsalira ku Ntcheu, pamene mbali ya Apwitikizi kunatsala ufumu wa Zintambira. Chingoni chinazilala m'kamwa mwa zidzukulu, chifukwa ankhondo aja anakwatira akazi a Chichewa ndipo ana anayamwa chiyankhulo cha amayi awo. Zimene zinakakamira ndi ziwongo, ng'ombe, malowolo ndi gule wa ngoma, amene amavinidwa ndi zishango ndi zibonga ku Domwe monga momwe amavinidwira ku Ntcheu.

(Kulira kwa ng'oma za Gule Wamkulu, kwa kanthawi kochepa)

WOULUTSA: Kuchoka ku Angónia kulowera kuzambwe kuli maboma a Macanga, Chiuta, Chifunde ndi Marávia. Uku ndi kwa Achewa, ndipo kuzambwe kwenikweni amasakanikirana ndi Ansenga. Dzina la boma la Marávia palokha ndi mboni: linachokera ku Maravi. Undi atapatukana ndi Kalonga, anatsogolera anthu ake kuzambwe n'kukamanga likulu ku Mano, kufupi ndi mtsinje wa Kapoche, dera limene lero lili m'chigawo cha Tete. Ali kumeneko ankalandira mitulo ya minyanga ya njovu kuchokera kwa mafumu ang'onoang'ono a dera lalikulu, kufikira ku Luangwa. Chimene chinafoola ufumuwo ndi golide. M'zaka za m'ma 1700 Apwitikizi ndi antchito awo anayamba kukumba m'dziko la Undi, ndipo pambuyo pake anabwera osaka njovu ndi ogula akapolo, amene ankachita malonda ndi mafumu ang'onoang'ono osadzeranso kwa mwini dziko. M'zaka za m'ma 1930 mpando wa Undi unasamukira m'dziko limene lero ndi Zambia.

Lero Kalonga Gawa Undi amakhala ku Mkaika m'boma la Katete, koma mwezi wa August ukafika, mafumu a Achewa a ku Tete amakwera magalimoto kupita ku mwambo wa Kulamba limodzi ndi anzawo a ku Malawi ndi Zambia. Bungwe la UNESCO litalemekeza Gule Wamkulu mu 2005, linamulemba ngati chuma cha mayiko atatu onsewa, ndipo linachita bwino, pakuti madambwe a ku Macanga ndi ku Chifunde alipobe, ngakhale amishoni ndi atsamunda ankadana nawo. Ukwati nawo ndi wodziwika kwa Mchewa aliyense: mwamuna amapita kuchikamwini, ana ndi a kuchikazi, ndipo mlandu wa mwana umakambidwa ndi atsibweni ake.

Chichewa cha kumeneko boma la Mozambique limachilemba kuti Cinyanja. Wailesi ya Rádio Moçambique ku Tete imaulutsa mapulogalamu m'chiyankhulochi pambali pa Chinyungwe ndi Chipwitikizi. Ndipo dzikolo litafuna kuyesa koyamba kuphunzitsa ana m'chiyankhulo cha kwawo, pakati pa 1993 ndi 1997, linasankha ziyankhulo ziwiri zokha: Chichangana ku Gaza ndi Chinyanja ku Tete. Mawu ongobwereka ndiwo amaulula kuti munthu ndi wa tsidya liti. Wa kuno wabwereka ku Chingelezi, wa uko ku Chipwitikizi, ndipo wina akamawerenga ndalama m'makwacha, mnzake akuwerenga m'mametikashi.

Mvula yogwa ku Angónia siikhalitsa kumtunda. Imasonkhana mu mtsinje wa Revúbuè n'kutsika phiri mpaka kukathira mu Zambezi pafupi ndi mzinda wa Tete. M'chilimwe mtsinjewu umaoneka wofatsa, ana n'kumasewera pa mchenga wake. Koma mu January 2022, namondwe wa Ana, yemwe uja anaononga malo opangira magetsi a Kapichira m'Malawi, anaudzaza mpaka unagumula mlatho wolumikiza Tete ndi Moatize. Anthu a m'chigwa, amene chaka chonse amadandaula za kuchepa kwa mvula, anamira ndi mvula yogwa kwa eni ake kumapiri.

Moatize ndi dzina limene lamveka dziko lonse chifukwa cha malasha. Pansi pa nthaka youma ya bomali pagona malasha ochuluka kwabasi, ena mwa iwo a mtundu wofunika m'ng'anjo zosungunulira chitsulo. Apwitikizi ankakumbako pang'ono, koma chipwirikiti chenicheni chinayamba kampani ya Vale ya ku Brazil itapatsidwa chilolezo mu 2004 n'kuyamba kutulutsa malasha mu 2011. Mzinda wa Tete unasintha m'zaka zochepa: mahotela atsopano, lendi yokwera, ndege zodzaza ndi alendo. Kampani ya Rio Tinto inalipira ndalama zoposa madola 3 biliyoni mu 2011 kuti itenge migodi ya kumeneko, kuphatikizapo wa Benga, koma patangopita zaka zitatu inaigulitsa pa madola 50 miliyoni okha, mitengo ya malasha itagwa ndipo njira yowatulutsira itavuta. Vale nayo inachoka mu 2022, itagulitsa mgodi ndi njanji yake kwa kampani ya Vulcan ya amalonda a ku India.

Makampani amabwera n'kupita, koma pali anthu amene sangabwererenso kwawo. Mabanja oposa 1,000 anasamutsidwa kuti mgodi ukumbidwe, ndipo ambiri anapititsidwa ku Cateme, mtunda wa makilomita pafupifupi 40 kuchokera pa tauni ya Moatize. Kwawo kwakale ankalima m'mbali mwa Revúbuè, kuumba njerwa, kuotcha makala ndi kugulitsa pamsika wapafupi. Ku Cateme anapeza nthaka yamiyala, madzi osowa ndi nyumba zimene zinayamba kung'aluka zikadali zatsopano. Mu January 2012 anakhala pa njanji n'kuimitsa sitima ya malasha, mpaka apolisi anadzawabalalitsa. Mlimi wolandidwa dimba la m'mbali mwa mtsinje n'kupatsidwa nyumba ya malata pa mtunda wouma sanalipidwe chimene anataya, ndipo aliyense amene anakulira pa dimba akudziwa zimenezi popanda womuuza.

Malasha amenewa Amalawi amawaona ndi maso. Njanji ya makilomita 912 yochoka ku Moatize kupita ku doko la Nacala imalowa m'Malawi, kudutsa Mwanza ndi Neno, kulumikizana ndi njanji yakale pa Nkaya, kuoloka Shire pa Liwonde, n'kutulukira pa Nayuchi. Inatsegulidwa mwamwambo mu 2017. Sitima yaitali ija imene ana a ku Neno amaiwerenga mabogi ake mpaka kutopa, katundu wake ndi nthaka ya Tete.

(Kulira kwa zitoliro za nyanga)

WOULUTSA: Zimene zikumvekazi ndi nyanga, gule wa Anyungwe. Amuna amazungulira bwalo, aliyense ali ndi zitoliro zake zingapo zomangidwa pamodzi, ndipo amaliza, kuimba ndi kuponda nthawi imodzi, miyendo ili ndi maseche. Palibe amene ali ndi nyimbo yonse m'zitoliro zake. Wina akaliza mawu ake awiri amapuma, mnzake n'kulowetsapo ake, mpaka nyimbo ilukike ngati mphasa.

Anyungwe ndiwo eni chigwa. Amapezeka mu mzinda wa Tete, umene iwo amautcha Nyungwe, komanso ku Moatize, Changara, Marara ndi mbali ya Cahora Bassa. Mchewa akatchera khutu amatolako ndithu Chinyungwe: madzi ndi madzi, nyumba ndi nyumba, koma ntchito ndi basa, ndipo polonjerana amafunsa kuti muli tani. Chiyankhulochi chili pafupi kwambiri ndi Chisena, ndipo chinatengako mawu kwa Ashona ndi kwa Apwitikizi. Wansembe wina wa chipani cha Jesuit, Victor Courtois, analemba galamala ndi buku la matanthauzo a mawu a Chinyungwe chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800, nthawi yomwe ansembe anzake ankamanga mishoni ya Boroma pa chitunda choyang'ana Zambezi, kumtunda kwa mzinda. Kwa Anyungwe ukwati ndi wa chitengwa. Mwamuna amapereka chuma, mkazi amapita kwa mwamuna, ndipo ana amatenga mtundu wa bambo awo. N'chimodzimodzi kwa Asena a ku Mutarara ndi Dôa, ndi kwa Atawara a kumwera kwa nyanja ya Cahora Bassa, amene ndi abale a Akorekore a ku Zimbabwe.

Moyo wa m'chigwa ndi wolimbana ndi dzuwa. Mzinda wa Tete uli pamtunda wosakwana mamita 200, ndipo mu October ndi November kutentha kumapitirira madigiri 40. Wa ku Chikwawa kapena ku Nsanje sangadabwe nako. Mvula imagwa mamilimita pafupifupi 600 pa chaka, ndipo imabwera mwa apo ndi apo, motero chimanga chimalimidwa m'madimba a m'mbali mwa mitsinje, pamene kumtunda anthu amadalira mapira ndi mchewere. Chuma chenicheni ndi mbuzi. Zimadya masau ndi malambe, ndipo nyama yake inatchuka kwambiri mpaka boma linateteza mwalamulo dzina lakuti Cabrito de Tete, kuti wina asamagulitse mbuzi ya kwina n'kumaitcha ya ku Tete. Masau omwewo amaumitsidwa, amagulitsidwa m'zitini m'mbali mwa msewu, ndipo ena amatchezedwa kachasu.

Mzinda wa Tete ndi wakale kuposa mizinda yonse ya m'Malawi. Amalonda a Chiswahili ankafikapo kale kudzagula golide wa kwa Mwenemutapa, ndipo Apwitikizi anakhazikikapo m'zaka za m'ma 1530. M'kupita kwa nthawi mfumu ya Portugal inayamba kupereka zigawo zikuluzikulu za nthaka, zotchedwa prazo, kwa Apwitikizi ndi Amwenye a ku Goa. Eni malowa anakwatira akazi a m'deralo, zidzukulu zawo n'kukhala mafumu a mfuti osamveranso Lisbon. Banja la Pereira linalamulira Macanga, ndipo banja la da Cruz linamanga linga ku Massangano, pamene Luenha amathira mu Zambezi. Bonga, mmodzi wa banjali, anagonjetsa magulu ankhondo a Apwitikizi otsatizana chakumapeto kwa zaka za m'ma 1860.

Mphamvu za eni prazo zinali mwa Achikunda. Awa poyamba sanali mtundu. Anali akapolo ankhondo otoledwa kwa Achewa, Ansenga, Asena, Atonga ndi ena, amene ntchito yawo inali kutolera msonkho, kusaka njovu, kupalasa mabwato ndi kugwira anzawo ukapolo. Ma prazo atayamba kupasuka, Achikunda anamwazikana kukwera ndi mtsinje, ali ndi mfuti, mphini zawozawo ndi chiyankhulo chawo, ndipo anasanduka mtundu. Lero ali ku Zumbo, ku Luangwa m'Zambia ndi ku Kanyemba m'Zimbabwe, malo amene anatenga dzina la mtsogoleri wawo wina woopsa. Pa Zumbo pamenepo, pamene Luangwa amakumana ndi Zambezi, munthu ataima pagombe amaona mayiko atatu. Kufupi ndi pomwepo ndi pamene Zwangendaba anaolotsa Angoni ake mu November 1835, tsiku limene kadamsana anadetsa dzuwa masana.

(Mkokomo wa madzi, kenaka utsike)

WOULUTSA: Pakati pa Zumbo ndi mzinda wa Tete, Zambezi ankapanikizika m'mpata wa miyala n'kumagubuduka m'mathithi otchedwa Kebrabasa. Anthu amamasulira dzinali kuti pothera ntchito, chifukwa opalasa mabwato akafika apo ulendo unkathera pomwepo. Mathithi amenewa anasintha mbiri ya Malawi. David Livingstone ankakhulupirira kuti Zambezi adzakhala msewu wa sitima zolowa m'kati mwa Africa. Mu 1858 anafika ndi sitima yake ya Ma Robert, anakwera miyala yotentha ya mpatawo wapansi, ndipo anaona yekha kuti palibe sitima ingadutsepo. Atagwa mphwayi anatembenukira ku mtsinje wa Shire, ndipo mu September 1859 anafika pa nyanja ya Malawi. Amishoni, amalonda ndi atsamunda a Chingelezi anadzatsata mapazi amenewo. Pakanapanda miyala ya ku Tete, mwina mzinda wa Blantyre sukanakhala pamene ulipa.

Mpata womwewo ndi umene Apwitikizi anautseka. Ntchito yomanga damu la Cahora Bassa inayamba mu 1969, nkhondo yomenyera ufulu ili mkati, ndipo madzi anayamba kudzaza kumapeto kwa 1974. Khoma lake ndi lotalika mamita 171. Kumbuyo kwake kunabadwa nyanja yotalika makilomita pafupifupi 250, yofika mpaka kufupi ndi Zumbo. Makina asanu a m'mimba mwa phiri, pafupi ndi tauni ya Songo, amatha kupanga mamegawati 2,075, kuposa kutalitali magetsi onse amene Malawi amapanga pa Shire. Koma damuli silinamangidwire anthu a ku Tete. Nthambo zake zinalunjika ku Apollo, kufupi ndi Johannesburg, mtunda wa makilomita oposa 1,400. Anthu zikwizikwi anachotsedwa m'midzi yawo ya m'mbali mwa mtsinje n'kuunjikidwa m'midzi yolonderedwa ndi asilikali. A kumunsi kwa damu nawo anataya chinthu chimene makolo awo ankadalira: madzi osefukira a chaka ndi chaka, amene ankasiya nthaka yachonde m'madimba. Tsopano madzi amabwera pamene ofuna magetsi afunira, ndipo nthawi zina amakokolola mbewu zili pafupi kucha.

Mozambique analandira ufulu mu 1975, koma damu linakhalabe m'manja mwa Portugal mpaka November 2007, pamene boma la Armando Guebuza linatenga gawo lalikulu la kampani ya Hidroeléctrica de Cahora Bassa. Pa nthawi ya nkhondo yapachiweniweni, asilikali a Renamo anagwetsa nsanja za nthambo zambirimbiri, ndipo magetsi sanapite ku South Africa kwa zaka zoposa 10. Lero akupita, ndipo ena amagulidwa ndi Zimbabwe. Malawi nayenso anatambasula dzanja: nthambo ya makilomita 218 inakonzedwa kuti ichoke pa Matambo, kufupi ndi mzinda wa Tete, kukafika pa Phombeya m'boma la Balaka. Palinso chikonzero cha damu lachiwiri pa Mphanda Nkuwa, makilomita pafupifupi 60 kumunsi kwa loyambalo, loti lidzapange mamegawati 1,500. Chomvetsa chisoni n'chakuti m'midzi yambiri imene nthambo zikuluzikuluzi zimadutsa pamwamba pake, mwana amawerengabe ndi tochi.

Nyanja ya Cahora Bassa inabweretsanso zake. Kapenta, amene anatengedwa ku nyanja ya Tanganyika n'kukaikidwa ku Kariba m'zaka za m'ma 1960, anatsika yekha ndi mtsinje n'kudzaswana mu Cahora Bassa. Usiku pa nyanjapo pamaoneka nyali za asodzi zili ngwee, zokopa tinsombato kuti tilowe mu ukonde. Nsomba zikuluzikulu zimang'ambidwa, kuthiridwa mchere ndi kuumitsidwa, ndipo zimadziwika ndi dzina la Chicoa, dera la m'mbali mwa nyanjayo. Kumwera kwake kuli nkhalango ya Magoe, imene inakhala paki ya boma mu 2013. Kuderali n'kumene m'zaka za m'ma 1990 kunayambira ntchito yoti anthu a m'midzi azilandirako gawo la ndalama zochokera ku nyama zakutchire. Dzina lake Mchewa safuna womumasulira: Tchuma Tchato.

(Kanyimbo kodekha)

WOULUTSA: Pali dzina lina limene pulogalamu yonena za Tete singalilumphe. Gulu lomenyera ufulu la Frelimo linatsegula nkhondo m'chigawochi mu 1968, likuchokera ku Zambia, ndipo asilikali a Portugal ankaona mudzi uliwonse ngati wobisa zigawenga. Pa 16 December 1972 anazinga Wiriyamu ndi midzi yoyandikana nawo, makilomita pafupifupi 30 kuchokera mu mzinda wa Tete. Anapha anthu pafupifupi 400, amayi, ana ndi nkhalamba, ena powaombera, ena powatenthera m'nyumba. Ansembe a Katolika a m'deralo analemba mayina a ophedwawo kuchokera kwa opulumuka n'kuwazembetsa kunja. Mu July 1973 wansembe wa ku Britain, Adrian Hastings, anaitulutsa nkhaniyi mu nyuzipepala ya The Times ku London, ndipo dziko lonse linadziwa. Boma la Portugal la nthawiyo linakana, mpaka kunena kuti mudzi wa dzina limenelo kulibe. Panapita zaka pafupifupi 50 kuti nduna yaikulu ya dzikolo, António Costa, ipepese, mu 2022.

Nkhondo yachiwiri, ya Frelimo ndi Renamo, Amalawi achikulire akuikumbuka bwino. Magalimoto a katundu ankadutsa msewu wa Nyamapanda mpaka Zóbuè ali pamdipiti, moperekezedwa ndi asilikali a Zimbabwe, ndipo madalaivala ena sanabwerere. Anthu oposa 1 miliyoni anathawira m'Malawi, ambiri mwa iwo ochokera ku Tete. Ku Dedza ndi ku Ntcheu ochuluka sanafikire m'misasa. Anafikira kwa abale, kupatsidwa pomanga ndi polima, chifukwa amene anabwera usiku atasenza mtolo anali mwana wa azakhali. Pangano la mtendere litasainidwa ku Rome pa 4 October 1992, ambiri anabwerera, ana awo ataphunzira sukulu za m'Malawi. Mu 2015 ndi 2016 mfuti zitaliranso m'boma la Moatize, anthu pafupifupi 10,000 anatsata njira yomwe ija n'kufika pa Kapise, ndipo ena anasamutsidwira ku Luwani m'boma la Neno.

Milatho ya pa Zambezi ikusimba mbiri yonseyi mwa njira yake. Wa mu mzinda, wolendewera pa zingwe, unatha mu 1973 ndipo lero umatchedwa Samora Machel. Wachiwiri, umene magalimoto olemera amadutsapo, unatsegulidwa mu 2014 ndipo unapatsidwa dzina la Kassuende, msasa wa asilikali a Frelimo wa nthawi ya nkhondo ya ufulu. Koma wakale kuposa yonse uli kumunsi kwenikweni, ku Mutarara, kwa Asena. Mlatho wa Dona Ana, wotalika makilomita oposa 3.6, unatsegulidwa mu 1935 kuti sitima yochoka ku Nyasaland ifike ku Beira popanda kutsitsa katundu n'kumuolotsa pa madzi. Ngongole yake inasenzedwa ndi Nyasaland kwa zaka zambiri, ndiye kuti ndi msonkho wa agogo a omvera ambiri a pulogalamu ino. Unaphulitsidwa pa nkhondo m'zaka za m'ma 1980, unakonzedwa kuti pazidutsa magalimoto, kenaka unabwezeredwa njanji kuti unyamule malasha a ku Moatize. Kuchokera pa Mutarara nthambi ina ya njanji imakwera kumpoto mpaka pa Vila Nova da Fronteira, moyang'anizana ndi Marka m'boma la Nsanje.

Asena a ku Mutarara ndi a ku Nsanje ndi amodzi: ziwongo zomwezo, valimba yemweyo, utse womwewo, ndipo madzi akasefukira amathawira pa zitunda zomwezo. Kum'mawa kwa bomali kumayenda Shire, atachoka ku Mangochi, kudutsa Liwonde, kugwa pa Nkula ndi Kapichira, n'kutuluka m'Malawi kumunsi kwa Nsanje. Makilomita ake otsiriza ndiwo malire a Tete ndi chigawo cha Zambézia. Akangothira mu Zambezi, chigawo cha Tete chathera pomwepo, ndipo madzi a ku Domwe, a ku Zumbo ndi a ku Karonga amapitira limodzi ku Chinde.

(Kanyimbo kotsekera pulogalamu)